Madzi a Siliva ndi Manda a Nangozo

Amene muli ndi chakudya m'manja, malizani kaye kapena muvundikire, chifukwa nkhani iyi siyendera limodzi ndi kutafuna. Wina akachita nseru asadzati sindidanene.

Kumudzi wina wa m'malire a Dedza ndi Ntcheu kudali mayi wina dzina lake Dolofina, ndipo ndiye ankasambitsa maliro a akazi pamudzipo. Ntchitoyi sadaipemphe, adangomusankha poti adali wolimba mtima. Koma mphuno yake, ayi ndithu, siidalimbe nawo. Akachoka kosambitsa ankakhula manja ndi phulusa, kenako sopo, kenako ndimu, mpaka khungu kuwawa. Pakhomo pake ngakhale nkhuku zinkayamba zayang'ana uku ndi uku zisanasiye zitosi.

Ndiye taonani tsoka lake: mayi ake omubereka, a Nangozo, adali ndi chilonda pamwendo chosamva mankhwala. Chinkatuluka mafinya usana ndi usiku, ndipo ntchentche zinkawalondola gogoyo mpaka m'tchalitchi. Dolofina ankachitsuka tsiku lililonse atamanga mpango kumphuno, misozi ili mbwembwembwe, theka chifukwa cha chisoni, theka chifukwa cha fungo.

Chaka china pa Khirisimasi kudabwera mlongo wake Layitoni, amene ankagwira ntchito ku Joni pa fakitale yopanga masokosi. Pakati pa katundu wake padali chigubu cha madzi achikasu ngati tiyi wochepa masamba.

"Achemwali, awa si madzi wamba," adatero Layitoni akugogoda chigubucho. "Muli siliva m'menemu, chitsulo chonyezimira chija, koma chopera. Tengani kanjere kamodzi ka ufa wosefa, mukagawe, mugawenso, mugawenso mpaka mutatopa, simudafikebe pa kuchepa kwake. Kufakitale tinthu tating'onoting'ono timeneti amatitchula kuti nano. Tizilombo ta matenda tija amationa ndi makina kuchipatala, pamaso pa timeneti ndi zimphona. Timalowa m'kati mwa kachilomboko n'kukapha. Ife timaviikamo ulusi, munthu n'kuvala sokosi sabata yonse phazi osanunkha."

Dolofina adatsanulirako pang'ono m'kapu, nayang'ana padzuwa. "Ine sindikuonamo kanthu, achimwene. Tikasefa pansalu titsalira?"

"Nsalu yake iti? Timadutsa ngati mphepo pa mpanda wa udzu. Muzingonyowetsa kathonje n'kupaka pachilonda cha amayi. Pang'ono pokha, mwamva?"

Zoona, mwezi usanathe chilonda chija chidauma, ntchentche n'kubalalika. Koma inu mukuwadziwa anthu akwathu. Mankhwala akagwira ntchito pakhungu, timati ndiye kuti m'mimba akagwira koposa. A Nangozo adayamba kumwa supuni imodzi m'mawa, kenako ziwiri, kenako kapu, ati akutsuka m'thupi. Layitoni naye, pomva kuti amayi achira, ankangotumiza zigubu zina pa magalimoto a katundu osafunsa kuti zikutha bwanji msanga chotere. Patapita nthawi nkhama za gogoyo ndi zikhadabo zawo zidasanduka zotuwa ngati phulusa lonyowa, nkhope nayo n'kutsatira. Anthu adati ndi ukalamba.

A Nangozo adamwalira mu Okutobala, nthawi imene ndiwo za m'mawa zimakhala zitasasa pofika masana. Layitoni adaimba foni akulira.

"Musawaike amayi ndisanafike, achemwali. Ndikufuna ndione nkhope yawo."

"Achimwene, ndi kutentha kumeneku? Basi yochokera ku Joni ifika liti? Mochale ndi kutali, galimoto kulibe. Mukufuna amayi aphulike m'nyumba?"

"Zigubu zija zilipo? Ndiye mukuvutikiranji?"

Dolofina adaganiza za fungo limene ankalidziwa bwino lija, adaganiza za anthu akulavula kuseri kwa nyumba ya mayi ake, mtima wake n'kukana. Adatenga zigubu. Adasambitsa mtembo ndi madzi a siliva kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Adathira m'kamwa, m'mphuno ndi m'makutu, mpaka mimba ya malemuyo idayamba kulira ngati chigubu chomwecho. Nsalu yokulungira adaiviika momwemo, osaifinya.

Mnzake wosambitsa naye maliro, a Nankhoma, adabwerera m'mbuyo. "Anzanga, izi si zathu izi. Munthu timamusambitsa ndi madzi a pachitsime."

"Ndi mayi anga awa," adayankha Dolofina. "Anunkha mokwanira ali moyo."

Masiku adapita akudikira Layitoni. Amayi ogona m'nyumba ya siwa adabwera ndi zitenje zapadera zotsekera mphuno, koma sadazigwiritse ntchito. Fungo kudalibe, kupatula kafungo kozizira ngati ka supuni yonyowa. Ntchentche ikalowa pakhomo inkazungulira kamodzi n'kutuluka. Ina yopusa idatera pansalu, ndipo a Nankhoma adaiona ikugwa chagada, timiyendo tili m'mwamba. Nyimbo zinkayamba bwinobwino koma zinkafera pakati, aliyense akuyang'ana mnzake. Dolofina yekha ndiye ankayenda monyada.

Layitoni adafika, adaona nkhope ya mayi ake ili yotuwa koma yosaonongeka, nathokoza mlongo wake. Koma mkulu wa adzukulu okumba manda, a Gelevazio, atatsitsa bokosi m'manda adapukuta manja pa udzu nthawi yaitali.

"Ine ndanyamula maliro ambiri," adatero chapansipansi, "koma awa akundinyansa kuposa owola." Adalavula, nanyamula khasu lake.

Manda a banja lawo adali kuseri kwa mudzi, ndipo njira ya kumunda kwa Dolofina inkadutsa pomwepo. Mvula itagwa, mitumbira ina idatitimira n'kumera udzu monga mwa nthawi zonse. Wa a Nangozo udangoti njo, dothi lake lofiira ngati aundunda dzulo. Chiswe cha pamenepo chimadya mtanda wa mtengo mwezi usanathe, koma mtanda wa a Nangozo chidaulambalala. Dolofina adati amayi adali munthu waukhondo, n'chifukwa chake.

Kenako pamudzi padayamba kusowa zinthu, koma zinthu zake zoti munthu ungachite manyazi kudandaula. Nkhuku yofa ndi chitopa imene adaitaya kudzala idasowa. Dzungu lowola la kuseri kwa nkhokwe lidasowa. A Nankhoma adali ndi usipa umene udanyowa n'kuchita mphutsi, adauika padenga kuti mawa akataye, kutacha lichero lili mbee. Bambo wina adapeza khola lake la ng'ombe litapalidwa ndowe pakona, pali mizere ya zala. Anthu adaseka, ati chaka chino kwabwera wakuba wamisala.

Adasiya kuseka Dolofina atabwera kuchokera kumunda akuthamanga, dzanja lili kukamwa. Zonse zija zidali pamtumbira wa mayi ake. Sizidatayidwe chisawawa ayi, zidayalidwa bwinobwino kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, n'kukanikizidwa m'dothi ndi zikhatho. Nkhuku ija idali pakati, mimba yake itang'ambidwa. Ndipo mphutsi zonse za mu usipa uja zidali zitafa, zili gwa, mbuu ngati mpunga wotayika.

Ha! Dolofina adasanza mpaka kutuluka ndulu. Atatha adayamba kutukwana. Adatukwana afiti, adatukwana ansanje, adatchula ndi maina a anthu amene sadamulakwire. Adatenga khasu ndi tsache, napala nyansi zonse, nakazikwirira kutali. Pofuna kuti fungo lithe adawaza pamtumbirapo madzi a siliva otsala. Patangopita masiku ochepa zidabwereranso: matumbo a mbuzi, thewera la mwana, khoswe wotupa. Iye n'kusesanso. Zidakhala choncho dzinja lonse, wina akuyala, iye akusesa.

Tsiku lina wakabaza wina wa kumsika adafika pamudzi dzuwa litangolowa, njinga akuikoka, milomo ili gwegwegwe. Adapempha madzi akumwa asanalankhule.

"Panjira ya kumanda paja pali mayi," adatero. "Wafunda nsalu yoyera, koma yonyowa, ikudontha. Ine ndimati akufuna kukwera. Ndaima. Iye n'kusendera pafupi, n'kukweza mkono chonchi, akuti, 'Bambo, tandinunkhizani. Kodi ndayamba?'"

"Ndiye mwatani?" adafunsa a Nankhoma.

"Ndikadatani? Ndanunkhiza. Palibe chimene ndamva, ngakhale thukuta. Ndawauza kuti mayi, simukununkha kanthu. Ausa moyo, abale, kuusa kwake sindidakumvepo chibadwire. Potembenuka kuti ndikwere njinga, panjira palibe munthu, pangotsala ponyowa."

Onse adayang'ana Dolofina. Iye adati wakabazayo waledzera, nalowa m'nyumba. Koma chakudya cha tsiku limenelo sadachikhudze.

Atakolola, idakwana nthawi ya mowa wa bona, mowa umene amafulula thupi likatha m'manda, kuti mzimu wa malemu ulowe pakati pa makolo n'kusiya kuzungulira pamudzi. Amayi adasonkhana, chimera chidali chabwino, nkhuni zidali zambiri. Madzi adatungira m'zigubu za Layitoni zija, poti kwathu kuno ndani adatayapo chigubu chabwinobwino? Adaphika, adadikira. Mowa sudawire. Adadikiranso. M'migolo mudangoti zii, popanda thovu ngakhale limodzi, phala lake lozizira, losasasa, losawola. A Nankhoma adaviika chala, nalawa, nalavula.

"Chitsulo chokhachokha," adatero. "Dolofina, mayi ako akana mowa. Sadapite."

Madzulo ake Dolofina adaimbira Layitoni, namuuza zonse. Mlongo wakeyo adatsokomola nthawi yaitali.

"Achemwali, pali zimene sindidakuuzeni. Kufakitale sitigwira madzi aja ndi manja. Timavala magolovesi ndi zotseka kukamwa, poti akuti tinthu ta siliva tija tikalowa m'thupi timayenda ndi magazi n'kukhazikika, osatulukanso. Ngakhale kutaya mumtsinje amaletsa. Timeneti sitisankha. Timapha tizilombo toipa, timaphanso tabwino, tija timawiritsa mowa, tija timawoletsa zinyalala kuti zisanduke dothi."

"Ndiye mumadziwa, achimwene? Mumadziwa, n'kumanditumizira kuti ndizimwetsa amayi?"

"Ine ndidati kathonje! Kumwako ndidanena ine? Koma zapita izo. Mverani, ndatumiza simenti ndi matailosi. Timange chiliza chabwino, titseke ponseponse, aliyense wotaya nyansi pamanda a amayi asowe potayira."

Simenti idafikadi, mmisiri n'kulonjeza kuti ayamba m'mawa mwake. Dolofina adamva mtima kupepuka. Chiliza cha matailosi oyera, chongopukuta ndi kansalu, chidamukomera m'maganizo.

Chisisira chitagwa adatenga ndowa kuti akasambe. Asanafike kubafa kwake kwa udzu adamva phokoso m'katimo. Khwee, khwee, khwee. Lidali phokoso la mwala wokhulira mapazi, koma wokhulayo ankakhula mwamphamvu ngati akunola nkhwangwa. Dolofina ankakhala yekha pakhomopo. Adaika ndowa pansi.

"Ndani ali m'bafa mwanga?"

Kukhula kudaleka. Pampata wa udzu adaona kachigawo ka mkono, kotuwa, konyezimira pang'ono. Pamene mwala udadutsa padalibe magazi, padalibe ngakhale kukalika.

"Dolofina." Mawuwo adali a mayi ake, koma ankamveka ngati munthu akulankhula madzi ali kukhosi. "Sizikuchoka, mwana wanga. Ndakhula, ndakhula, sizikuchoka."

Dolofina adabwerera m'mbuyo. Adakhala pansi m'matope a kubafa, iye amene sankalola ngakhale fumbi pachitenje.

"Amayi, mukufuna chiyani? Ndidakusamalani. Simudanunkhe, anthu sadakusekeni."

"Anzanga onse adapita. Ine ndikafika kwa makolo, akundibweza, akuti thupi lako likadali lonse, bwerera ukalidikire. Nthaka ikundilavula. Nyongolotsi zikafika pafupi zikufa. Ndimadzitolera timankhwala tanga m'madzala, ndimayala bwinobwino, iwe n'kubwera ndi tsache." Mawuwo adasweka. "Ukundiseseranji, Dolofina? Tsopano ukufuna unditsekere ndi simenti?"

"Sindimadziwa, amayi."

"Udandisambitsa ndiwe. Undidetsenso ndiwe."

Mwala udagwa pansi kuti thi. Dolofina atalimba mtima n'kusuzumira, m'bafamo mudalibe munthu. Sopo adali pamalo pake, wouma, wosakhudzidwa.

Kutacha mmisiri adabwera ndi zida zake, Dolofina n'kumubweza pachipata. Layitoni adaimba akukalipa, ati mlongo wake wapenga, ati akunyozetsa banja, ati anthu aziti ana a Nangozo adalephera kumanga chiliza. Dolofina adangoti, "Achimwene, inu mudawaona amayi nkhope, mudakhuta. Tsopano asiyeni apite." Adadula foni. Simenti ija idakhala pakhonde mpaka idauma n'kusanduka miyala.

Adapita kwa a Gelevazio, nagwada, nawafotokozera. Mkuluyo sadafunse zambiri. Kufukula maliro adakana, ati zimenezo sadachitepo ndipo sadzachita. Koma adatenga chitsulo chachitali chosongoka, napita naye kumanda. Adakhoma chitsulocho pamtumbira, chidalowa, chidalowa, mpaka pansi padamveka thabwa likusweka. Adaboola malo angapo. Pozula chitsulocho, kunsonga kwake kudali koyera ngati achitsuka.

"Kwatsalaku n'kwanu, mayi," adatero, nachoka osacheuka.

Abale, zimene adachita mayi uja kuyambira tsiku limenelo, ine pozinena pakhosi pamandidzadza malovu. M'mawa uliwonse ankatenga ndowa yake yosambira ija n'kuyenda khomo ndi khomo kupempha zimene anthu amataya. Matsukwa onunkha a mphale, ndowe zaziwisi, zitosi, madzi otsukira nsomba, matumbo a kokupha mbuzi, zonse ankazisakaniza ndi dzanja lake, poti mtengo sunkaphwanya bwino. Ankasenza pamutu, zina zikudontha m'khosi, n'kukathira m'mabowo aja pang'onopang'ono ngati akumwetsa wodwala phala. Ankakumba nyongolotsi kudimba n'kukaziika pamenepo. Mawa lake ankazipeza zitafa, zitauma ngati timitengo, iye n'kukakumba zina. Tsiku lililonse ankasanza, ndipo tsiku lililonse ankabwereranso.

Sadazolowere, musaganize kuti adazolowera. Fungo lidamulowa m'zikhadabo ndi m'tsitsi, sopo n'kulephera. Kutchalitchi anthu ankamusiyira benchi yonse. Kuzinkhoswe adaleka kumuitana kuti akaphike, ndipo ana ankatseka mphuno akamadutsa. Ngakhale kosambitsa maliro adayamba kuitana wina. Layitoni adasiya kuimba. Ena ankati wapenga, ena ankati akuweta chinthu kumandako. A Nankhoma okha ndiwo ankamusungira matsukwa m'mphika, n'kumuikira panja pa mpanda.

Kubafa kuja kukhula kunkamvekabe chisisira chikagwa, ndipo Dolofina ankangoti, "Pirirani, amayi, ndikuyesetsa." Dzinja lidabwera, lidapita, mtumbira uli njo. Chilimwe chidadutsa. Dzinja lina lidabwera ndi mvula yamphamvu, madzi n'kumalowa m'mabowo aja usana ndi usiku. Tsiku lina adapeza nyongolotsi imodzi ili moyo. Sadauze munthu, adaopa kuti mwina maso akumunamiza.

Ndiye m'mawa wina mvula itakata, akubwera ndi ndowa yake pamutu, adamva kulira kwa ntchentche asanafike n'komwe. Zidali zobiriwira zija, zikuluzikulu, zili ng'waa pamanda. Mtumbira udali utatitimira pakati, dothi litang'ambika. Kenako mphepo idatembenuka, fungo n'kumumenya kumaso. Silidali la ndowe, silidali la nsomba. Dolofina adasambitsa maliro ambiri, ankalidziwa fungo limenelo, ndipo ili lidali loposa onse, lolemera, lotsekemera moipa, lomata kukhosi.

Ndowa idagwa. Adagwada m'matope, nasanza mpaka m'mimba kupotokola. Atapukuta kukamwa adakweza mutu, naimba nthungululu.

Amayi a pamudzi adathamanga, ena manja ali ndi ufa, kuganiza kuti kwabadwa mwana. Atafika pafupi adabwerera m'mbuyo, zitenje kumphuno, wina n'kuyamba kusanza pomwepo.

"Awola!" adafuula Dolofina, akuseka, misozi ikutsika. "A Nankhoma, bwerani mudzamve! Amayi anga awola!"

Kenako a Nankhoma adasendera, nagwada pambali pake m'matope momwemo, nayambitsa nyimbo ya maliro. Mmodzimmodzi amayi ena aja adagwada nawo, akutsokomola, akulavula, koma nyimboyo sidafere pakati. Nthungululu za Dolofina zidasanduka kulira, kulira kwenikweni kwa mwana amene mayi ake amusiya.

Maliro a Nangozo adalirika tsiku limenelo.